Amene Anatseketsa Akaunti ya Amayi

Panali chinthu chimodzi chimene Kachete anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale mnzake wokhala naye benchi limodzi kusukulu. Anali atalemba buku. Kanali kabuku chabe, ka nkhani zifupizifupi, ndipo anakaika pa sitolo ya pa intaneti yomweyo imene amayi ake ankagulitsirapo mabuku awo, koma ndi dzina lopeka. Chilembereni mayeso omaliza a sekondale masiku ankamutalikira, ndiye m'mawa uliwonse amayi ake akalowa m'bafa, iye ankatsegula foni mobisa kuti aone ngati wina wagula. Ogula anali owerengeka. Mmodzi, munthu wosamudziwa n'komwe, anasiya mawu awiri pansi pa kabukuko: "Lembaninso chonde." Mawu amenewo anamukhutitsa sabata yathunthu.

Dzina loti Kachete anamupatsa ndi amalume ake, poti mawu ake ankamveka ngati akutuluka pansi pa bulangete. M'nyumba mwawo wodziwika ndi zolembalemba anali mmodzi, amayi ake, amene anthu onse a m'nyumba zosanja zimene ankakhalamo ankawatcha Alembi. Iwo anasiya ntchito ya mu ofesi kuti azilemba nkhani zachikondi. Analibe kampani yowasindikizira. Ankalemba okha, kukonza okha, n'kuika pa sitoloyo. Mabuku awo onse anali pamenepo basi, chifukwa anagwirizana ndi eni sitolo kuti sadzagulitsa kwina kulikonse, iwo n'kumawaikira mabukuwo patsogolo pomwe ogula amayamba kuona. Lendi, magetsi, nsapato za Kachete, zonse zinkachokera pa khomo limodzi lomwelo.

Tsiku la nkhaniyi, Kachete akutsuka makapu, amayi ake anamuitana ndi mawu otsika.

"Kachete, tabwera uone, kapena ndi maso angawa."

Laputopu inali pa tebulo lodyera. Pa sikirini panali mzere umodzi: akaunti yanu yatsekedwa chifukwa chophwanya malamulo athu. Lamulo lake liti, sananene. Nambala yoimbira panalibe. Amayi ake analemba dzina lawo pa malo ofufuzira, sitoloyo n'kuyankha kuti palibe mlembi wa dzina limenelo. Analembanso mwapang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ngati kuti aiwala kalembedwe ka dzina lawo lomwe. Yankho linali lomwelo.

"Buku latsopano lija anthu analipiriratu," anatero, osayang'ana munthu. "Ndiwapeza kuti anthuwo? Sindikudziwa ngakhale dzina la mmodzi. Onse amawadziwa ndi sitolo."

Chitseko chinagogodedwa, ndipo asanayankhe chinali chitatseguka kale. Anali a Sajeni, mayi wokhala nyumba yoyang'anizana ndi yawo kutsidya la bwalo. Anapuma ntchito ya upolisi bondo litawavuta, koma maso ndi makutu sanapume. Nsapato zawo za upolisi anazidzalamo maluwa pakhonde, ati zizigwirabe ntchito ya boma. Anabwera kudzabwereka simbi, koma atangoona nkhope ya Alembi anaiwala za simbi n'kukoka mpando.

"Wamwalira ndani, aneba?"

"Ine ndemwe," anatero Alembi, n'kuwatembenuzira laputopu.

A Sajeni anawerenga mzerewo, milomo ikuyenda. "Mwaphwanya lamulo lanji?"

"Ine palibe chimene ndachita."

"Onse amene ndinawagwirapo ankatero. Koma inu ndikukukhulupirirani, mulibe nkhope yake. Afunseni anene bwinobwino. Munthu samangidwa osamuuza mlandu."

Amayi ake akulemba uthengawo, Kachete anazembera ku chipinda kwake. Ankangofuna kuona ngati sitolo yonse yawonongeka kapena ayi. Mabuku a anthu ena onse analipo. Analemba dzina lake lopeka lija, zala zikuterera pa galasi la foni.

Kabuku kake nakonso kanalibe.

*

Yankho linafika cha m'ma masana. Alembi analiwerenga mokweza: sitolo yapeza akaunti yachiwiri yotsegulidwa ndi chiphaso chawo, pa makina awo omwewo. Munthu mmodzi saloledwa maakaunti awiri, choncho onse awiri atsekedwa. Angathe kudandaula kamodzi kokha, ndipo zimene sitolo idzagamule pamenepo sizidzasinthanso.

Kachete anali ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi. Lamulo limenelo sankalidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti sitolo inkafuna munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo iye zinali zisanakwane. Anaika thireyi pa tebulo mosamala kwambiri kuti makapu asamuneneze.

"Apa ndiye zayamba kukoma," anatero a Sajeni, akusisita bondo. "Chiphaso chanu ndi makina anu. Wakuba wa kutali angabe chimodzi, koma osati zonse ziwiri. Chiphasocho chimakhala kuti?"

"M'chikwama, m'kathumba ka zipi."

"Chinasowapo?"

Alembi anaganiza. "Kusowa ayi. Koma mwezi wathawu ndinachipeza m'kathumba kena, komwe ndimaika makiyi. Ndinangoti ndi ukalamba."

"Nanga laputopuyi amaigwira ndani?"

"Ine, mlongo wangayu, ndi mnyamata wondikonzera zikuto za mabuku. Inagonako ku shopu kwake tsiku lina. Ndiye chiphasonso anachijambulapo fotokope."

"Mwanayu?"

"Aa, Kachete musamuwerengere. Iye amangoipukuta fumbi."

Kachete anayang'ana zala za kumapazi. Zinamudabwitsa kuti mawuwo anamupweteka m'malo momutonthoza.

Amalume ake anali atagona chagada pa sofa, pomwe anakhala akugona chiyambire kufunafuna ntchito. Anadzuka n'kukweza manja onse awiri m'mwamba.

"Bwana Sajeni, ndimangeni msanga, mwina kundende kuli bedi."

"Khala bwino, iwe. Laputopu umachita nayo chiyani?"

"Mpira. Ndimaona amene agoletsa ndi amene andigwetsa mphwayi. Basi."

"Umabetcha?"

"Kubetcha n'kunena kwa anthu. Ine ndimalimbikitsa timu ndi kangachepe."

"Chikwama cha achemwali ako unachitsegulapo?"

"Chikwama chimenecho? Muli zinthu zimene zinalowamo ine ndisanabadwe. Ndikhoza kulumidwa."

A Sajeni sanaseke. Anamuyang'ana phee, mpaka iye anayamba kukanda chibwano. Kachete anali asanaonepo munthu akufunsa funso mwa kungokhala chete, ndipo ngakhale mtima unali m'malere, anafuna kuona ngati zitheke.

Zinatheka. "Chabwino, chilipo chimodzi," anatero amalume. "Tsiku lina ndinadina molakwika, tsamba lolowera pa sitolo ija n'kutseguka. Pamalo olemba dzina panatuluka maina awiri. Lina la achemwali, lina lachilendo. Nthenga Yakuda."

"Chiyani?" anatero Alembi.

"Nthenga Yakuda. Ndinati eee, achemwali ayamba kulemba zija za akuluakulu zokhazokha, akubisala kuopa azimayi a kutchalitchi. Ndiye monga mlongo wabwino ndinatseka pakamwa."

"Ndiwe," anatero Alembi. Mawu awo sanakwere. "Umafuna uzigulitsa mabuku anga mwamseri kuti upeze zobetchera."

"Achemwali, ine pasiwedi ya foni yanga yomwe ndimaiwala. Ndingathe zimenezo?"

"Ndakusunga ngati mwana. Dzuwa likamalowa ndikupeze utalongedza."

Amalume anaseka pang'ono, kuyembekeza kuti wina aseka nawo. Panalibe. Anayang'ana Kachete n'kumutsinzinira diso. "Mphwanga, uzindibweretserako madzi kunsi kwa mlatho."

Kachete anatola makapu n'kuwabwezera pa thireyi.

A Sajeni anadzuka movutikira. "Musatumize dandaulo lanu, aneba, mpata ndi umodzi. Watsala wazikuto uja. Mtsikana iwe, tiye undiperekeze, bondoli limafuna phewa la munthu."

*

Shopu ya wazikuto inali kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Munkanunkha inki ndi mapepala otentha. Mwini wake anali wowonda, wa magalasi omangidwa ndi tepi mbali imodzi, ndipo ankayankhula ngati basi ikumusiya.

"Atseka? Atseka eti? Ndinawauza. Ndinawauza kawiri, kachitatu anandikalipira. Ndinati mayi, ikani mabuku anu m'masitolo ena, sindikizani ochepa tiike pa shelefu apa, tengani manambala a anthu okuwerengani. Ati ayi, uku amandiika patsogolo. Patsogolo pa nyumba ya eni! Lero mwini wakhoma chitseko, katundu ali mkati."

"Ndiye munakwiya atakukalipirani," anatero a Sajeni, atakhala pa katoni ya mapepala.

"Ndinakwiya, inde. Ndipo ndinawapangira chikuto chokongola kuposa zonse ndili chikwiyire."

"Laputopu yawo inagona muno."

"Inagona. Mu kabati umo, wokiya. Ine ndinali ku chipatala, mkazi wanga amachira. Mukafunse anamwino, amandikumbuka, ndinakomoka ndine m'malo mwa iye."

"Fotokope ya chiphaso?"

"Anatenga okha, pamodzi ndi yoyamba imene inatuluka yakuda. Ine sindisunga nkhope za anthu. Tamverani, mayi: akatsekeredwa iwo, ine ndataya kasitomala wanga wamkulu. Ndingadzidule mwendo ndekha?"

"Nthenga Yakuda mumamudziwa?"

"Ndi woimba?"

"Ndi dzina la pa akaunti inayo. Tafufuzani tione ankagulitsa chiyani."

Wazikuto anakhala pa kompyuta yake. Pa sitolo panalibe kanthu, koma iye anati pali masamba ena pomwe owerenga amalembapo za mabuku, ndipo zinthu zimatsalira pamenepo. Kachete anaima kumbuyo, pafupi ndi makina a fotokope, akupemphera kuti magetsi azime. Sanazime. Chikuto cha kabuku kake chinatulukira pa sikirini, chachikulu kuposa mmene anali atachionerapo.

"Si buku la Alembi ili," anatero a Sajeni.

"Ayi, ndi lina. Koma taonani zinthu zake." Wazikuto anavula magalasi n'kuvalanso. "Zilembo za mitundu itatu pa chikuto chimodzi. Zofiira pa chithunzi chakuda. Chithunzicho n'chojambula ndi foni, chopendekeka. Mayi, ngati mukufuna kundimanga ndimangeni, koma musandinamizire chikuto ichi. Ndili ndi ana."

Makutu a Kachete anatentha. Chikuto chimenecho anachikonza masana atatu athunthu, ndipo ankachiyesa chokongola.

"Pali ndime yoyamba apa," anapitiriza wazikuto. Anawerenga chamumtima, liwiro lake lija n'kuchepa. "Hmm. Koma kulemba amatha. Chiganizo choyambachi chagwira. Munthu ameneyu ali ndi dzanja, alibe maso basi."

Kachete sanadziwe kuti alire kapena afunse kuti chagwira motani. Funsolo linafika mpaka pa lilime, analimeza.

"Tachikulitseni chithunzicho," anatero a Sajeni.

Chinali chithunzi cha zenera la zitsulo, mvula ikuyenderera pa galasi. Kuseri kwa zitsulozo kunkaoneka bwalo, kenako khonde la nyumba ina.

"Pakona apo. Kulitsaninso."

Pa khondelo panali nsapato ziwiri zakuda, zazitali, maluwa atamera m'kati.

A Sajeni anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja osacheuka. "Phewa lija, mwanawe. Tiyeni tizipita."

*

Anayenda mpaka kudutsa pa malo okwerera basi. Dzanja la a Sajeni linali lolemera pa phewa la Kachete, ndipo iye ankayembekeza kuti nthawi ina iliyonse limufinya. Silinamufinye.

"Nsapato zanga zija," anatero a Sajeni ngati akuyankhula za nyengo, "ukakhala pa balaza panu sizioneka, thanki ya madzi imatchinga. Ku chipinda kwa amayi ako zenera linayang'ana kumsewu. Latsala zenera limodzi."

Wogulitsa matumba anawadutsa akuitanira malonda.

"Sindikukufunsa kanthu. Ndikanafuna kukufunsa ndikanakufunsa masana aja."

"Munadziwa kale?" Mawu anatuluka okha, aang'ono.

"Kudziwa ayi, kukayikira. Amalume ako atatchula dzina lija, amayi ako anafunsa kuti chiyani, ine ndinafunsa mumtima kuti chiyani. Iwe wekha sunadabwe. Ndiye kwa wazikuto kuja, mnyamata uja akunyoza chikuto, nkhope yako inali ya mayi amene mwana wake akumenyedwa pamaso pake."

"Sindimadziwa kuti saloleza," anatero Kachete. "Ndinangofuna ndione ngati munthu wosandidziwa angawerenge mpaka kumapeto."

"Bwanji sunawapatse amayi ako?"

Kachete anasowa poyambira. Akanafotokoza bwanji za mmene amayi ake amawerengera zolemba za anthu ena, pensulo ili m'manja, mlomo atapinda? Kapena za mmene alendo amanenera kuti mwanayu sanatengere amake?

"Akanandikonzera," anatero pomaliza.

A Sajeni anaseka koyamba tsiku limenelo, kaphwete kakafupi. "Zoona, akanakukonzera mpaka dzina."

Anaima pansi pa masitepe kuti bondo lipume.

"Tamvera tsono. Amayi ako akalemba kuti wakuba anawabera chiphaso, sitolo ifuna umboni wa ku polisi. Umboniwo kulibe, ndipo ine sindingathandize kupeka. Akanama, atsekeredwa mpaka kalekale, amalume ako n'kupita ndi dzina la wakuba. Akanena zoona, kuti ndi mwana wosakwana zaka amene sanadziwe lamulo, mwina angamve."

"Mwina?"

"Mwina. Ine ndinazolowera kuyang'ana munthu m'maso n'kudziwa ngati angakhululuke. Sitoloyi ilibe maso. Sindingakulonjeze."

"Mukawauza ndinu?"

"Ntchito yanga inali yopeza munthu, ndamupeza. Kunenako si kwanga." Anachotsa dzanja pa phewa lake. "Ndikakhala pakhonde panga. Mpaka dzuwa lilowe sindidziwa kanthu. Likalowa, ndiyamba kukumbukira."

Anatembenuka n'kuyamba kudutsa bwalo okha, akutsimphina, osafunanso phewa la munthu.

*

Kachete anakwera masitepe ngati wasenza thumba la simenti. Chitseko chinali chosatseka. Amalume ake anali atagwada pansi, akukanikiza zovala m'chikwama cha zipi yothyoka. Pa sofa panali poyera, bulangete atalipinda bwinobwino, zimene anali asanachitepo chibwerere.

"Wabwera, mphwanga? Wazikuto wavomera mlandu? Ayi? Basi, tagwira apa ndimange ndi chingwe. Jekete ija ndakusiyira, ili ndi bowo m'thumba koma ndi yofunda."

Amayi ake anali pa tebulo, magalasi ali pamphuno, akulemba ndi zala ziwiri mwamphamvu ngati akukhoma misomali. Maso anali ofiira.

"A Sajeni ali kuti?"

"Apita kwawo."

"Ndiye kuti sanapeze kanthu. Ine sindingadikire, anthu analipira buku." Anawerenga zimene analemba, mokweza, monga ankachitira ndi ndime iliyonse asanaisiye: "Ndikudandaula kuti munthu wina wa m'nyumba mwanga anaba chiphaso changa n'cholinga chofuna kundibera..."

Amalume anasiya kumanga chingwe.

Kachete anaona dzanja la amayi ake likusuntha, kamuvi ka pa sikirini kakuyandikira pa mawu oti tumizani. Miyendo inkafuna kumuthawitsira ku chipinda. Anagwira msana wa mpando ndi manja onse awiri.

"Amayi, musatumize."

"Wati chiyani? Tayankhula ngati munthu, Kachete, lero ndilibe makutu a zonong'ona."

Anakoka mpweya. Mawu amene anatuluka anali akulu kuposa mmene ankaganizira kuti ali nawo, moti amalume anacheuka, ndipo kutsidya la bwalo mutu wa a Sajeni unadzuka pakhonde.

"Ndati musatumize. Amalume sanabe kanthu. Chiphaso ndinatenga ndine, inu muli m'bafa. Nthenga Yakuda ndine, amayi. Ndinalemba buku."